PHUNZIRO LA CHISANU NDI CHIMODZI: CHIPATALA CHA AMAYI CHA BWAILA NDI UDINDO WATHU PA UCHEMBERE WABWINO

CHOLINGA CHA PHUNZIROLI

Pakutha pa phunziroli, aliyense wa ife athe:

(a) kufotokoza mbiri ya chipatala cha amayi cha Bwaila mu mzinda wa Lilongwe;
(b) kutchula chithandizo chimene mayi ayenera kulandira pa chipatala chotere, kuyambira pamene waima kufikira atachira;
(c) kudziwa ufulu wa mayi woyembekezera ndi kumene angakadandaule ufuluwo ukaphwanyidwa;
(d) kugwirizana pa chinthu chimodzi chimene gulu lathu lichite m'dera lathu.

Kwa otsogolera zokambirana: onetsetsani kuti abambo nawo abwera. Phunziroli si la amayi okha. Werengani chigawo chimodzi chimodzi mosafulumira, ndipo perekani mpata woti anthu afotokoze zimene anaona ndi maso awo.

MAU OYAMBA

Mayi woyembekezera timamutchanso wapakati. Ntchembere zambiri zimamasulira dzinali kuti mayiyo ali pakati pa moyo ndi imfa. Mau amenewa sanangobwera. Anachokera ku maliro ambiri amene midzi yathu yakhala ikuika, a amayi amene anapita kukapereka moyo koma osabwerako. Funso la phunziro lathu ndi lakuti: kodi ziyenera kukhala choncho mpaka kalekale?

Tiyambe ndi nkhani iyi, imene ambiri a ife tingaizindikire ngakhale sitinatchule dzina la munthu kapena la mudzi.

Mtsikana wina wa zaka 17 anali ndi pathupi poyamba. Ku sikelo anapitako kamodzi kokha, mimba itafika kale miyezi isanu ndi iwiri. Matenda anayamba madzulo, mwamuna wake ali ku ganyu ku esiteti ya fodya. Amayi akuluakulu anati ayambe adikira, popeza panalibe wopereka chilolezo kapena ndalama ya ulendo. Kutacha, mwana asanabadwe, anamumwetsa mwanamphepo. Dzuwa litapendeka, azakhali ake anayamba kumuumiriza kuti: "Mwanawe, ulula. Unayenda ndi ndani? Ukapanda kutchula, mwanayu satuluka." Mtsikanayo analibe woti amutchule.

Tsiku lachiwiri anamukweza pa ngolo. Atafika pa chipatala chaching'ono cha m'deralo, mzamba anaona msanga kuti mutu wa mwana sungadutse, ndipo anaitanitsa ambulansi. Ambulansiyo inafika usiku chifukwa inali itapita kwina. Ku chipatala chachikulu anamuchita opaleshoni, moyo wake unapulumuka, koma mwana anali atafa kale. Patapita masiku owerengeka, mtsikanayo anaona kuti mkodzo ukungotuluka wokha usana ndi usiku. Mwamuna anamusiya. Ku chitsime, ku maliro ndi ku misonkhano analeka kupita chifukwa cha fungo. Anakhala chomwecho zaka ziwiri, kufikira tsiku limene mlangizi wa zaumoyo anamuuza kuti: "Mayi, vuto lanuli si kulodzedwa ayi. Dzina lake ndi fisitula, ndipo ku Bwaila amasoka mwaulere." Lero ndi wouma, ndipo amagulitsa tomato pa msika.

Tiisunge nkhaniyi m'mutu, chifukwa tibwereranso kwa iyo.

1. MBIRI YA CHIPATALACHI

Chipatala cha Bwaila chili m'dera lakale la mzinda wa Lilongwe, kufupi ndi mtsinje wa Lilongwe, msika waukulu ndi depoti ya mabasi. Chinamangidwa m'zaka za m'ma 1930, dziko lino likutchedwa Nyasaland. Pa nthawiyo Lilongwe linali boma laling'ono lodziwika ndi malonda a fodya. Atsamunda anali ndi zipatala ziwiri: cha azungu, chimene ankachitcha Top Hospital, kutanthauza chapamwamba, ndi cha anthu akuda, chimene ankachitcha Bottom Hospital, kutanthauza chapansi. Anthu ankangoti "ku Botomu". Choncho dzina lenilenilo linkaonetsa tsankho la nthawi imeneyo, ndipo linakhalabe pakamwa pa anthu zaka zambiri dziko lino litalandira kale ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964.

M'chaka cha 1975 likulu la dziko lino linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ndipo anthu anayamba kuchuluka mofulumira mu mzindawu. M'chaka cha 1977 chipatala chachikulu cha Kamuzu Central chinatsegulidwa. Nthambi zambiri zinasamukira kumeneko, koma ntchito yochiritsa amayi inatsalira ku Botomu, m'nyumba zakale zomwe zija zimene anamangira kaboma kakang'ono. Zotsatira zake zinali zakuti mayi wodwalitsitsa, wofunika chisamaliro chapadera, ankayenera kunyamulidwa pa galimoto kudutsa mu mzinda, mtunda wa makilomita angapo.

Pofika m'zaka za m'ma 2000, ku Botomu kunkabadwa ana pafupifupi 12,000 pa chaka, ndiye kuti ana oposa 30 tsiku lililonse. Mabedi anali ochepa kotero kuti amayi ena ankagona ndi kuchirira pansi. Madotolo odziwa za uchembere anali owerengeka. Azamba ndi anamwino ambiri anamwalira ndi matenda a Edzi, ena anapita kukagwira ntchito ku maiko akunja monga ku Britain. Amene anatsala ankagwira ntchito ya anthu atatu kapena anayi.

Vutoli silinali la ku Lilongwe kokha. Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba imachita anaonetsa kuti m'chaka cha 1992, pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 620 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. M'chaka cha 2000 chiwerengerochi chinakwera kufika pa 1,120, ndipo m'chaka cha 2004 chinali pa 984. Dziko la Malawi linali m'gulu la maiko amene kubereka kunali koopsa kwambiri pa dziko lonse lapansi.

Zinthu zinayamba kusintha chifukwa panali anthu amene anakana kukhala chete. Mmodzi wa iwo anali Dr Tarek Meguid, dotolo wa amayi amene ankagwira ntchito pa chipatalachi. Iye analemba ndi kulankhula poyera kuti imfa za amayi osauka si tsoka chabe, koma ndi nkhani ya ufulu wachibadwidwe, popeza amayiwo amafa chifukwa ndi osauka, ndi akazi, ndiponso alibe wowalankhulira. Atolankhani, azamba ndi mabungwe ena nawonso anaiulutsa nkhaniyi m'dziko muno ndi kunja.

Bungwe la The Rose Project la ku Ireland, limene anayambitsa ndi namwino Mary Donohoe, linasonkhetsa ndalama zomangira nyumba yatsopano yochiriramo amayi pamalo pomwepo. Nyumbayi inatsegulidwa m'chaka cha 2009, ndipo dzina lonyoza lija linali litasiyidwa: chipatalachi tsopano ndi Bwaila. M'chaka cha 2010 ku Kamuzu Central kunatsegulidwanso nyumba yochiriramo amayi yotchedwa Ethel Mutharika, imene inamangidwa ndi thandizo la anthu a ku Scotland ndi abwenzi ena. Kuyambira pamenepo ntchito inagawidwa. Bwaila imalandira amayi a mu mzinda ndi amene atumizidwa kuchokera ku zipatala zing'onozing'ono za m'boma la Lilongwe. Amayi amene vuto lawo ndi lalikulu koposa amatumizidwa ku Ethel Mutharika. Chipatala cha Bwaila chili pansi pa ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe, ndipo pa chaka pamabadwira ana oposa 15,000. Ndi chimodzi mwa zipatala zotanganidwa kwambiri m'chigawo chino cha Africa.

M'chaka cha 2010 chiwerengero cha imfa za amayi m'dziko muno chinatsika kufika pa 675, ndipo kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza 439. Uku ndi kupita patsogolo. Komabe maiko a m'bungwe la United Nations, kuphatikizapo Malawi, anagwirizana kuti pofika chaka cha 2030 chiwerengerochi pa dziko lonse chisafike pa 70. Ulendo ukadalipo.

2. CHITHANDIZO CHIMENE CHIMAPEZEKA

Munthu sangafunse chinthu chimene sachidziwa. Choncho tiyeni tione ntchito za chipatala cha amayi imodzi imodzi. Zambiri mwa izi zimapezekanso pa chipatala cha boma lililonse, pa zipatala za mishoni, ndipo zina ngakhale pa chipatala chaching'ono cha kwathu.

(a) Sikelo ya amayi oyembekezera

Mayi ayambe sikelo mimba isanapitirire miyezi itatu. Kale ankati apite kanayi, koma kuyambira m'chaka cha 2016 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu. Ku sikelo si kongokwera pa sikelo ayi. Azamba amayeza kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa magazi m'thupi, chindoko ndi kachirombo ka HIV. Amamvetsera mtima wa mwana ndi kuona momwe wagonera. Mayi amalandira mapiritsi oonjezera magazi, mankhwala a njoka za m'mimba, katemera wa kafumbata, neti yonyikidwa m'mankhwala ndi mankhwala a SP oteteza ku malungo. Dziko la Malawi ndilo linali loyamba mu Africa kukhazikitsa lamulo lopereka SP kwa amayi oyembekezera, m'chaka cha 1993. Zonsezi zimalembedwa m'buku la kuchipatala, ndipo bukulo mayi aliyende nalo kulikonse.

(b) Kuteteza mwana ku kachirombo ka HIV

Mayi amene ali ndi kachirombo angathe kupatsira mwana ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwitsa. M'chaka cha 2011 dziko la Malawi linayambitsa njira yotchedwa Option B+, yakuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachirombo ayambe kumwa ma ARV nthawi yomweyo, ndipo apitirize moyo wake wonse. Njirayi inayambira kuno, maiko ena ambiri anachita kutengera kwa ife. Mayi akamamwa mankhwala mokhulupirika, mpata woti mwana atenge kachirombo umachepa kwambiri. Mkati mwa mpanda wa Bwaila mulinso malo otchedwa Martin Preuss Centre, amene anatsegulidwa m'chaka cha 2006, othandizira anthu amene ali ndi HIV ndi chifuwa chachikulu.

(c) Kuchiritsa

Matenda akayamba, mzamba amalemba pa pepala lapadera momwe njira ikutsegukira ndi momwe mtima wa mwana ukugundira. Pepalali ndilo limamuchenjeza msanga ngati mwana wakakamira. Mwana akangobadwa, mayi amabayidwa jekeseni ya oxytocin yothandiza kuti chiberekero chifinyike, nsengwa ituluke, magazi asatayike ambiri. Kutaya magazi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha amayi ambiri, ndipo kungathe kupha munthu m'maola awiri okha. Mayi amene magazi ake akuthamanga kwambiri mpaka kuyamba kugwa ngati wakhunyu amapatsidwa mankhwala a magnesium sulphate. Mwana akakhala kuti wagona mopingasa, kapena mutu wake wakulira njira, madotolo amachita opaleshoni. Opaleshoni si chizindikiro cha ulesi kapena kulephera kwa mayi, monga ena amanenera. Ndi njira yopulumutsira miyoyo iwiri.

Magazi oika amayi m'thupi sapangidwa ku fakitale. Amachokera kwa anthu opereka mwaufulu kudzera ku bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2003. Magazi akasowa ku chipatala, ndiye kuti ife amene tili ndi magaziwo sitinapereke.

(d) Ana obadwa masiku asanakwane

Ana otere amafa kwambiri chifukwa cha kuzizidwa, kubanika ndi kulephera kuyamwa. Ku Bwaila kuli chipinda chowasamalira, ndipo amayi amaphunzitsidwa njira ya kangaru: kumangirira mwana pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu, usana ndi usiku. Njirayi inayambira mu mzinda wa Bogotá ku Colombia m'chaka cha 1978, madotolo atasowa makina ofunditsira ana. Imafuna chitenje ndi kudekha basi. Bambo, agogo kapena azakhali angathe kulandizana ndi mayi kuti naye apumeko.

(e) Chisamaliro mayi atachira

Amayi ndi ana ambiri amene amamwalira, amamwalira m'masiku oyambirira atangochira. Choncho mayi asakakamire kutuluka tsiku lisanathe, ndipo abwererenso kukaonedwa pa masiku amene azamba amuuza, kufikira sabata yachisanu ndi chimodzi. Mwana ayambe kuyamwa ola loyamba lisanathe, ndipo ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi. Pa mchombo pasapakidwe phulusa, ndowe kapena mankhwala achikuda. Mwana amalandira katemera woyamba wa chifuwa chachikulu ndi wa poliyo, ndipo kuyambira m'chaka cha 2015 lamulo likuti mwana aliyense wobadwa alembetsedwe m'kaundula wa boma. Iyi ndi nthawinso yoti banja likambirane ndi azaumoyo za kutalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mnzake, kuti thupi la mayi libwerere m'malo.

(f) Amayi amene apita padera

Mayi akapita padera, zotsalira m'chiberekero zingathe kuwola ndi kumupha. Ayenera kuthamangira naye ku chipatala kuti akamutsuke ndi kumupatsa mankhwala. Pakhomo la chipatala si malo oweruzira mlandu. Choyamba ndi kupulumutsa moyo.

(g) Khansa ya khomo la chiberekero

Dziko la Malawi lili m'gulu la maiko amene khansa imeneyi imapha amayi ochuluka kwambiri. Chomvetsa chisoni ndi chakuti ndi khansa yopeweka. Kuyeza kwake kumatenga mphindi zochepa: namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo malo amene ayamba kudwala amaoneka oyera. Akapezeka msanga, amathandizidwa khansa isanayambe. M'chaka cha 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, woteteza ku kachirombo koyambitsa khansayi.

(h) Fisitula

Mwana akakakamira nthawi yaitali, mutu wake umapanikiza minofu ya mayi ku mafupa. Magazi amaleka kuyenda pamalopo, minofuyo imafa, ndipo pamabooka bowo pakati pa njira ya mwana ndi chikhodzodzo, mwinanso ndi njira ya chimbudzi. Ichi ndicho chinachitikira mtsikana wa m'nkhani yathu ija. M'chaka cha 2012, bungwe la Freedom from Fistula Foundation, limene anayambitsa ndi Ann Gloag wa ku Scotland, linatsegula nyumba yapadera yosokera fisitula pa Bwaila. Amayi amabwera kuchokera m'zigawo zonse za dziko lino ngakhalenso ku madera oyandikana nafe a ku Mozambique ndi Zambia. Chithandizocho ndi chaulere, ndipo ambiri amachira. Ena mwa ochirawo amabwerera kumudzi ndi kukhala akazembe ofunafuna anzawo amene akubisala ndi vutoli.

Kuonjezera pa zonsezi, chipatala cha Bwaila ndi sukulu. Ophunzira uzamba, unamwino ndi udotolo amaphunzirira ntchito pamenepa. Mzamba amene ali pa chipatala cha kwanu mwina manja ake anazolowera ntchito ku Bwaila.

3. KUCHEDWA KUTATU

M'chaka cha 1994 akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafotokoza kuti amayi ambiri safa chifukwa matenda awo alibe mankhwala, koma chifukwa cha kuchedwa. Kuchedwako kuli patatu.

Koyamba ndi kuchedwa kuganiza zopita ku chipatala. Apa ndi pamene banja limadikira bambo kapena mwini mbumba, kuyesa mankhwala achikuda, kapena kuumiriza mayi kuti aulule chigololo. Tidziwe kuti mwana sakakamira chifukwa cha chigololo. Amakakamira chifukwa cha kukula kwa mutu wake, kuchepa kwa njira kapena kagonedwe kake. Mwanamphepo amachititsa chiberekero kukankha mwamphamvu pamene njira ili yotseka, ndipo chingathe kung'ambika.

Kwachiwiri ndi kuchedwa panjira: mtunda wautali, mlatho wokokoloka, kusowa galimoto kapena ndalama.

Kwachitatu ndi kuchedwa kulandira chithandizo choyenera atafika kale ku chipatala: mzamba mmodzi pa amayi khumi, ambulansi yopanda mafuta, magazi kulibe, magetsi azima.

Pa kuchedwa koyamba ndi kwachiwiri dziko lino lachitapo kanthu. M'chaka cha 2007 boma linaletsa azamba akumudzi kuchiritsa amayi, ndipo linati ntchito yawo ikhale yolangiza ndi kuperekeza. Mafumu monga Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu anatsogolera anthu awo pa nkhani ya uchembere wabwino. M'chaka cha 2012 Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa ndondomeko yapadera imene inalimbikitsa kumanga nyumba za chidikiro pafupi ndi zipatala. M'chaka cha 1992, ana 55 pa 100 alionse ndi amene ankabadwira ku chipatala. Pofika 2015 mpaka 2016 anali 91 pa 100 alionse.

Apa pali phunziro lalikulu. Amayi anamvera, anabwera ku chipatala. Tsono ngati amayi akumwalirabe, ambiri akumwalirira m'manja mwa chipatala kapena panjira yochokera ku chipatala china kupita ku chinzake. Kuchedwa kwachitatu sikungathe ndi chindapusa cha mbuzi kwa mayi wosauka amene wachirira panjira. Kumatha ndi ndalama za boma zogwiritsidwa bwino ntchito, azamba okwanira, ndi nzika zimene zimafunsa mafunso.

Zizindikiro zoopsa zimene aliyense m'banja ayenera kuzidziwa ndi izi: kutaya magazi, mutu waukulu ndi kuona zideruderu, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kusweka kwa nsupa matenda asanayambe, mwana kuleka kugunda m'mimba, matenda kupitirira maola 12, kutsogoza dzanja, mwendo kapena mchombo, nsengwa kukanirira. Mukaona chimodzi mwa izi, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Madzi akatayika saoleka.

4. UFULU WA MAYI WOYEMBEKEZERA

Chithandizo cha ku chipatala cha boma si mphatso ya munthu wina aliyense. Chimalipiridwa ndi misonkho imene tonsefe timapereka tikamagula sopo, shuga kapena mafuta. Malamulo oyendetsera dziko lino, amene tinayamba kuwatsata m'chaka cha 1994, amateteza ufulu wokhala ndi moyo m'gawo 16, ulemu wa munthu m'gawo 19, ndipo amaletsa tsankho m'gawo 20. Gawo 13 limapatsa boma udindo wopereka chithandizo chokwanira cha zaumoyo. Lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limatchula ufulu wolandira chithandizo cha uchembere, ndipo limalamula azaumoyo kulemekeza munthu aliyense wofuna chithandizocho. M'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Lamulo limeneli likanatsatidwa, mtsikana wa m'nkhani yathu akanakhala ali pa sukulu.

Choncho mayi ali ndi ufulu:

(a) wolandira chithandizo cha uchembere mosalipira pa chipatala cha boma. Zipatala zambiri za mishoni za m'bungwe la CHAM zilinso ndi mgwirizano ndi boma woti amayi ndi ana azithandizidwa mwaulere; funsani ngati chipatala cha kwanu chili pa mgwirizanowu;
(b) wosanyozedwa, wosatukwanidwa ndi wosamenyedwa;
(c) wouzidwa m'chilankhulo chimene amamva chimene chapezeka ndi chimene akufuna kumuchita, ndi kuvomera kapena kufunsa;
(d) wosungiridwa chinsinsi ndi wosavulidwa pagulu;
(e) wothandizidwa mofanana ndi wina aliyense, kaya ndi wosauka, wolumala, wosakwatiwa kapena ali ndi kachirombo.

Ufulu ukaphwanyidwa, yambani ndi mkulu wa pa chipatalapo kapena komiti ya chipatala. M'zipatala zambiri muli munthu wolandira madandaulo wotchedwa ombudsman wa chipatala. Zikakanika, kuli bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi loona khalidwe la anamwino ndi azamba, bungwe la Medical Council of Malawi loona madotolo, ofesi ya Ombudsman, ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission. Wina akakupemphani ndalama kuti athandize wodwala wanu, kapena mukaona mankhwala a boma akugulitsidwa pa msika, kanenedwe ku bungwe lothana ndi katangale la ACB kapena ku polisi. Lembani tsiku, nthawi ndi chimene chinachitika. Dandaulo lopanda umboni limafera m'njira.

5. UDINDO WATHU

Ufulu umayenda limodzi ndi udindo.

Inu amayi, yambani sikelo msanga, imwani mankhwala monga mwauzidwa, ndipo ngati kwanu ndi kutali pitani ku chidikiro mwezi wachisanu ndi chinayi ukayamba.

Inu abambo, mimbayo ndi yanunso. Perekezani akazi anu ku sikelo, kayezetseni magazi limodzi, sungani ndalama ya ulendo, zitenje, beseni ndi zina zofunika. Ngati muchoka pakhomo, nenani poyera pamaso pa abale kuti matenda akayamba asadikire inu.

Inu ntchembere ndi anamkungwi, mau anu ndi amene amamveka m'chikuta. Agwiritseni ntchito pofulumizitsa ulendo, osati pouchedwetsa.

Inu mafumu, malamulo a m'mudzi athandize mayi, asamuopseze mpaka kubisa mwana wobadwira panjira. Letsani maukwati a ana.

Tonsefe tiwalemekeze azamba. Ambiri a iwo amagwira ntchito usiku wonse popanda wowalandira. Pamene tikudzudzula wamwano, tiyamikenso wokhulupirika, ndipo tiwalankhulire akasowa zipangizo. Atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza ku Abuja m'chaka cha 2001 kuti pa K100 iliyonse ya bajeti ya boma, K15 izipita ku zaumoyo. Khansala ndi phungu wa dera lathu tiwafunse kuti lonjezoli lili pati, ndiponso kuti khonsolo yaika ndalama zingati za mafuta a ambulansi. Mutu umodzi susenza denga.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. M'nkhani ya mtsikana uja, tchulani malo onse pamene panali kuchedwa. Ndani akanatha kuchitapo kanthu pa malo alionse?
2. Kodi dzina lakuti Bottom Hospital likutiphunzitsa chiyani? Kodi lero kuli anthu amene amathandizidwa ngati "apansi"? Ndi ati?
3. Kuchokera m'mudzi mwathu kukafika ku chipatala kumene amachita opaleshoni ndi ulendo wa maola angati? Nanga nthawi ya dzinja?
4. Kodi chindapusa kwa mayi wochirira pakhomo chimathandiza kapena chimaononga? Perekani zifukwa.
5. Ndani mwa ife akudziwa maina a anthu a m'komiti ya chipatala cha kwathu? Anasankhidwa bwanji, ndipo amakumana liti?

ZOTI TICHITE

Gulu lisankhe chimodzi mwa izi, ndipo litchule munthu woyang'anira ndi tsiku lodzapereka lipoti:

(a) kukhazikitsa thumba la m'mudzi la ndalama za ulendo wadzidzidzi, ndi kugwirizana ndi mwini galimoto, njinga yamoto kapena ngolo amene angadzutsidwe usiku;
(b) kukaonana ndi komiti ya chipatala kuti tidziwe zimene zikusowa, ndi kukazitula ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya m'dera;
(c) kukonza tsiku lopereka magazi;
(d) kufufuza mwaulemu ndi mwachinsinsi ngati m'dera lathu muli mayi amene ali ndi fisitula, ndi kumulumikiza ndi mlangizi wa zaumoyo.

MAU OMALIZA

Chipatala cha Bwaila chinayamba ngati chipatala cha anthu oonedwa ngati apansi. Chinakhala zaka pafupifupi 70 m'nyumba zosakwanira, kufikira pamene anthu ena ananena poyera kuti moyo wa mayi wosauka ndi wofanana ndi wa wina aliyense. Mavuto sanathe: amayi ndi ambiri, azamba ndi ochepa. Koma mbiriyi ikutionetsa kuti zinthu zimasintha anthu akadziwa ufulu wawo, akakwaniritsa udindo wawo, ndiponso akafunsa amene anawasankha. Tisanabalalike, aliyense aganizire mayi mmodzi woyembekezera amene akumudziwa, ndipo adzifunse kuti: matenda atati amuyambe usiku uno, adzafika bwanji ku chipatala?